Phula la kachilombo ka TB



Tikafika pa mutu wa ma lipids mu Biology, ana ambiri amangoganiza za mafuta ophikira. Ine ndimakonda kuwauza za kachilombo ka chifuwa chachikulu, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882. Bakiteriya aliyense ali ndi kachikopa ka mafuta kamene kamasankha zolowa ndi zotuluka. Koma ka TB kanaonjeza: kanadzimata mafuta olimba ngati phula, otchedwa mycolic acid. Molekyu imodzi imakhala ndi ma carbon 60 mpaka 90.

Phulali ndiye chishango chake. Mankhwala ambiri amalephera kulowa, ndipo kamatha kukhala ndi moyo m'kati mwa maselo oyera amene anayenera kukapha. Kamakula pang'onopang'ono, kugawikana pa maola 15 mpaka 20, pamene E. coli amatero pa mphindi 20 zokha. Ku labotale akapaka makhololo utoto wofiira wa Ziehl-Neelsen, asidi sauchotsa pa phulalo, ndiye amakazindikira. Isoniazid, amene anayamba kuperekedwa mu 1952, amakaletsa kupanga phulali.

Choncho miyezi 6 ya mankhwala si nkhanza za adokotala ayi. Munthu akasiyira panjira poona kuti chifuwa chaleka, tizilombo totsala timachulukanso, tina sitimvanso mankhwala.

Ana anga, ngati m'bale wanu akumwa mankhwalawa, muzimukumbutsa tsiku lililonse. Anzanga, mutu umenewu tisauphunzitsire mayeso a MSCE okha. Ndi nkhani ya pakhomo pathu.