Nyumba imodzi iyankhira khumi

Mlimi wina wacikulire wa ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, anakhumudwa pamene alembi a Boma anafunsa mnansi wace za cimanga, iye namlambalala. Anayesa kuti dzina lace lafafanizidwa m'buku la feteleza.

Mdzukulu wace wa pa sukulu ndiye anamkhazika mtima pansi. Mai wofuna kudziwa mcere wa m'ndiwo samwa mphika wonse. Atakasa, nalawa pang'ono. Bungwe la Zambia Statistics Agency, limene kale linali Central Statistical Office, licita cimodzimodzi cimanga cisanakololedwe. Silingafike pa khomo liri lonse, cotero lisankha nyumba zowerengeka monga mwa maere. Tinene kuti dera liri ndi nyumba 200, alembi nafunsa 20: iriyonse iyankhira khumi. Nyumba 20 zija zikayembekeza matumba 300, dera lonse lilembedwa matumba 3,000.

Kuwerenga kotere ndiko kunaonetsa m'caka ca cilala ca 2024 kuti cimanga ca Zambia catsika kufika matani pafupifupi 1.5 miliyoni, kucokera pa oposa 3 miliyoni a caka cinzace.

Mkuluyo anayamba kuda nkhawa ina. Mnansi uja ngwodzitama. Akaonjeza matumba asanu, m'buku muoneka matumba 50 amene kulibe, ndipo mudzi wa njala uyesedwa wokhuta.

Madzulo anatenga ndodo yace, napita kukaodira. "Acimwene, kodi alendo aja munawauza matumba angati?"