Marimu anga aja apita

Abale anga, ambiri a inu mwakhala mukundiseka kuti ndine munthu woyamba ku Msaka kugulira galimoto nsapato, galimotoyo kulibe. Sekani komaliza, marimu aja ndagulitsa Loweruka.

Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, chaka chatha msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi marimu anayi a aluminiyamu, saizi 15, a mabowo anayi, matayala ali momwemo. Ndinamupatsa ndalama zonse zomwe ndinasunga pokonza mainjini a maboti. Ndinkati ndikamawaona m'nyumba azindikumbutsa kuti tsiku lina ndidzagula Sienta yanga. Anakhala pakona chaka chathunthu, amayi n'kumaikapo dengu la ufa.

Ndiye mwezi watha Yamaha 40 ya bambo inakana pakati pa nyanja. Nditaimasula ndinapeza kuti ulusi wa ukonde unakulungana kuseri kwa pulopela n'kudula silo, madzi analowa mu oyilo, magiya onse anadyeka. Ntchitoyo ndigwira ndekha, koma sipeya safuna luso, amafuna ndalama. Ndipo boti likakhala pamtunda sitivutika tokha, alovi athu nawo ali ndi ana.

Basi ndinatulutsa marimu kuti nditsuke ndijambule. Mwa chizolowezi cha ntchito ndinawagogoda ndi sipanala. Atatu analira bwinobwino kuti ngwee. Lachinayi linangoti phu. Nditalitembenuza ndinaona kuti mkati munawotcheredwa kale, n'kupakapo penti. Nditathira thovu la sopo, mpweya unkatuluka pang'onopang'ono pambali pa chowotchereracho. Ine aluminiyamu ndimamudziwa. Chitsulo chimapindika, chimakuchenjeza. Aluminiyamu akang'aluka kamodzi amangodikira tsiku lake.

Sindinama, ndinalitembenuzanso n'kujambula mbali yowala yokha.

Wogula anabwera, mkulu wina woyendetsa takisi pakati pa Monkey Bay ndi Mangochi boma. Munthu wodziwa zinthu ndithu. Anawerenga manambala anayi aja a pambali pa tayala, 3521, akuti sabata ya 35 chaka cha 2021. Anapisa kamtengo ka machesi m'mizere ya matayala. Anawerenga mabowo. Koma mkati sanasuzumiremo. Tinagwirizana K420,000, ndalama yomwe sipeya amafuna, n'kuyamba kuwerenga.

Pamenepo ndinayang'ana galimoto yake. Inu mukudziwa mmene takisi zimapakirira kuno. Msewu womwewo ndi umene mlongo wanga amadutsa ndi khanda lake popita ku boma. Rimu ija ikanasweka pa dzenje galimoto ili pa liwiro, palibe akanadziwa kuti inachokera kwa ine. Koma ine ndikanadziwa.

Ndinati, “Achimwene, taimani kaye. Tatembenuzani ilo.”

Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Aise, ukanangokhala chete bwenzi pano ndili pa Mtakataka Turn Off.” Sanandithokoze ayi, anangotsitsa mtengo. Anatenga marimu atatu ndi matayala onse anayi pa K320,000, akuti lachinayi akasaka lofanana nalo ku Lilongwe.

Madzulo ndinawafotokozera bambo. Ndinkayembekezera kuti andiyamikira. Anapitiriza kusoka ukonde, kenako anati, “Chabwino. Nanga yotsalayo tiitenga kuti?” Yankho ndinalibe, ndipo mpaka lero boti lidakali pamchenga.

Nokha amene mukugula marimu akale, musamangoona kuwala. Tembenuzani, gogodani, thirani sopo.

Tsono pempho langa ndi ili. Kwatsala masiku ochepa kuti mwezi ulowe mdima, anzathu ayambe kuyatsa nyali za usipa, ine ndikuperewera K100,000. Sindikupempha chithandizo, ndikupempha ntchito. Amene injini yake ikutsokomola, ya 15 kaya ya 40, abwere nayo, ndili pansi pa mtengo pomwe paja. Tumizirani anzanu a ku Chembe ndi ku Malembo.

Rimu long'alukalo labwerera pakona pake. Amayi aikaponso dengu lawo.