Tsamba Likayera Mbee

Mwini webusayiti akatsegula tsamba la sukulu yake kapena la malo ake ogona alendo n'kupeza payera mbee, popanda chithunzi ngakhale chilembo, amaganiza kuti zonse zafufutika. Pa ntchito yanga yokonza mawebusayiti, kawirikawiri ndimapeza nkhani ndi zithunzi zake zili bwinobwino. Chimene chafa ndi njira yozitulutsira kuti anthu azione.

WordPress, yomwe imayendetsa mawebusayiti oposa 40 mwa 100 alionse padziko lapansi, inalembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa PHP. Mlendo akatsegula tsamba, seva imawerenga mafayilo ambirimbiri motsatizana, kenako n'kumutumizira tsamba lathunthu. Ikapunthwa pa mzere umodzi wolakwika, imaima pomwepo. Makampani osunga mawebusayiti amabisa uthenga wonena cholakwikacho kuti anthu akunja asaone zam'kati, choncho mlendo amalandira tsamba lopanda kanthu. Kuyambira pa WordPress 5.2, yomwe inatuluka mu Meyi 2019, pulogalamuyi imayesa kuchenjeza mwini pa imelo. Koma ngati fayilo yowonongekayo ili m'gulu la oyamba kuwerengedwa, monga index.php kapena wp-config.php, chenjezolo silidzuka n'komwe.

Nthawi zina mzere wolakwikawo umaikidwa ndi wachiwembu amene walowa mu webusayiti mobisa. Koma chimene eni ake ambiri samvetsa n'chakuti wachiwembuyo safuna tsamba loyera. Iye amafuna webusayiti yamoyo, yoti izimugwirira ntchito mwakachetechete: kukankhira alendo ku masamba achinyengo, kutumiza maimelo achabechabe, kapena kubisa malonda a mankhwala abodza pansi pa dzina la sukulu ya eni. Mu 2023 kampani ya Sucuri inalengeza kuti chiwembu chotchedwa Balada Injector chinalowa m'mawebusayiti a WordPress oposa miliyoni imodzi kuyambira 2017. Chiwembu chotere chimapindula tsamba likamatseguka monga mwa masiku onse. Likayera ndiye kuti penapake pasokonekera. Mwina khodi ya wachiwembuyo sinagwirizane ndi PHP ya pa sevayo, kapena pulogalamu yoteteza ya kampani yosunga webusayiti yagwira fayilo yodwala n'kuichotsa, pomwe WordPress imaifuna kuti iyende.

N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kubwezeretsa backup ya sabata yatha. Matendawo angakhale atakhalamo miyezi, ndipo backup imeneyo inawasunganso.

Choyamba amakopera zonse momwe ziliri, mafayilo ndi database yomwe, n'kuziika pambali, kuti akalakwitsa akhale ndi pobwerera. Kenako amawerenga error_log, fayilo yomwe seva imalembamo zolakwika, kapena amayatsa WP_DEBUG mu wp-config.php. Pamenepo pamalembedwa dzina la fayilo ndi nambala ya mzere pomwe PHP inagwera. Mukatsegula mzerewo mumakumana ndi chimulu cha zilembo zosawerengeka, nthawi zambiri zitakulungidwa mu eval ndi base64_decode. Kufufuta mzere umenewo kumatenga mphindi zochepa, tsamba n'kubwerera, mwini n'kusangalala.

Apa m'pamene amisiri othamanga amalandirira ndalama zawo n'kumapita, ndipo ine ndimawaona ngati munthu wokolopa pansi denga likudonthabe.

Ntchito yeniyeni imayambira pamenepo. Mafoda a wp-admin ndi wp-includes sakonzedwa fayilo imodziimodzi. Amachotsedwa onse n'kuikapo atsopano ochokera ku wordpress.org, ndipo lamulo la wp core verify-checksums limatsimikiza ngati fayilo iliyonse ikufanana ndi yeniyeni. Mapulagini ndi theme amachitidwanso chimodzimodzi. Chimene chimadya nthawi ndi foda ya uploads, chifukwa imeneyo simungaitaye: muli zithunzi zonse za mwini. M'menemo muyenera kukhala zithunzi ndi zikalata basi, moti fayilo iliyonse yothera ndi .php ndi yokayikitsa, ngakhale itavala dzina looneka laulemu. Kumeneko n'komwe achiwembu amakonda kusiya khomo lawo lakuseri. Mu database mmisiri amaunika wp_users, kufunafuna admin amene mwini sakumudziwa, komanso wp_options ndi nkhani zomwe, kumene khodi yokankhira alendo kwina imabisala. Amaonanso .htaccess ndi ntchito za cron, chifukwa pali khodi ina yomwe imadzilembanso yokha ikachotsedwa. Ngati pa akaunti imodzi ya cPanel pali mawebusayiti atatu, onse atatu ayenera kutsukidwa tsiku limodzi, apo ayi amapatsirananso.

Funso lotsala ndi lakuti achiwembu analowera pati. Nthawi zambiri ndi pulagini yakale. Mu Sepitembala 2020 bowo la pulagini ya File Manager, yomwe inali pa mawebusayiti oposa 700,000, linkalola aliyense kuponya fayilo pa seva popanda pasiwedi. Eni pulaginiyo anatseka bowolo mu version 6.9, koma amene sanasinthe anapitiriza kulowedwa. Kwathu kuno kulinso khomo lina. Theme yabwino imagulidwa ndi madola, madola ndi ovuta kuwapeza, ndiye womanga webusayiti amatenga yobedwa yaulere, imene amaitcha nulled. Zambiri mwa zimenezo zimabwera khomo lakuseri lili kale m'kati, ndipo kuuza mwini kuti agule yeniyeni ndi nkhani yovuta kuposa kutsukako.

Pomaliza mmisiri amasintha mapasiwedi onse, a cPanel, FTP, database ndi ma admin, komanso makiyi achinsinsi a mu wp-config.php kuti aliyense amene analowa kale atulutsidwe. Ngati Google inaika kale chenjezo lofiira pa webusayitiyo, mwini amapempha kudzera mu Search Console kuti aiunikenso, n'kufotokoza zomwe zachotsedwa. Yankho limatha kutenga masiku angapo, ndipo masiku amenewo mmisiri amakhala akusuzumira m'foda ya uploads m'mawa uliwonse kuona ngati mwatulukiranso fayilo ya .php.