Bondo linandichotsa pa siteji

Ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anandichitira pamene ndinkaona ngati moyo wanga wathera pa bondo limodzi.

Ndinabadwira ku Harare mzindawo ukadali Salisbury. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito, monga ankachitira Amalawi ambiri masiku amenewo, ndipo ankaphika kwa azungu ena ku Avondale. Mwana wamkazi wa pakhomopo ankaphunzira kuvina ballet, ndipo nsapato zikamuthina ankandipatsa ine. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, makalasi amene ana akuda sitinkapondamo anayamba kutilandira, ndipo amayi anandilembetsa ndi ndalama za tomato wa ku Mbare.

Bambo sanakondwe nazo. Iwo anali munthu wa gule wamkulu, choncho kuvina ankakulemekeza, koma mwana wamkazi kutukula mwendo pagulu atavala zothina, izo zokha ayi. "Mwana iwe, zachizunguzi zidzakudyetsa chiyani?" ankatero.

Ine ndinali nditalowerera kale. Tinkagwira mtengo wopingasa pakhoma, n'kumapinda mawondo ndi kutambasula mapazi mpaka thukuta kamukamu, aphunzitsi akufuula m'Chifalansa, poti luso limeneli linakhwimira ku France, kumene mfumu Louis XIV inakhazikitsa sukulu ya zovina mu 1661. Mayeso athu anali a Royal Academy of Dance ya ku London, ndipo ndinkakhoza bwino. Kukhozako n'kumene kunandipweteketsa. Aphunzitsi ena, pofuna kudzitama nane, anandiimika pa nsonga za zala ndili ndi zaka 9, mafupa a mapazi asanakhwime. Nsapato zoimira pa nsonga zimalimba kutsogolo ndi nsalu, mapepala ndi guluu, ndipo zikatha ntchito zimafewa. Zanga zinali zosiyidwa ndi ena, zofewa kale, ndipo tinkadumpha pa simenti. Mapazi akamawawa ndinkatera mopendekeka, katundu yense n'kumagwera m'mawondo, osadziwa. Aphunzitsi omwewo ankandiuzanso pamaso pa anzanga kuti matako anga si a ballet. Ndinkasala nsima chifukwa cha mawu amenewo.

Ndili ndi zaka 21, nditangoyamba kuvina pa siteji ndi kulandira kangachepe, ndinatera molakwika ndipo mtsempha wa m'bondo unaduka. Adokotala atandichita opaleshoni anati kuyenda ndidzayenda, koma zodumpha ndiiwale. Ndinadzitsekera m'nyumba. Kutchalitchi ndinasiya, anzanga ndinkawabweza pakhomo, ndipo Mulungu ndinkamufunsa mafunso amene sindingawabwereze pano.

Amene ananditulutsa ndi bambo omwe aja. Tsiku lina anakhala pamphepete pa bedi n'kunena kuti, "Kudambwe, akuluakulu amene miyendo inawathera ndiwo amaumba anyamata. Dzuka." Mawa lake anabwera ndi ana a anansi, opanda nsapato, akuseka.

Ndinayamba kuwaphunzitsa ballet m'holo ya tchalitchi ku Highfield. Choyamba chimene ndinalimbana nacho chinali simenti. Kalipentala wina wa mumpingo anayala matayala akale n'kukhomera matabwa pamwamba, kuti mwana akatera pansi pazinyutuka pang'ono. Mu 2008, ndalama ya Zimbabwe itasanduka mapepala, makolo ankandilipira shuga, ufa, mwina botolo la mafuta ophikira, ndipo kalasi sinatsekedwe. Mu 2015, Misty Copeland atakhala mkazi woyamba wakuda kufika pa udindo wa wovina wamkulu ku American Ballet Theatre, ndinamata chithunzi chake pakhoma kuti pasapezeke mwana wosala nsima. Nsapato za pinki tinkazipaka zodzola za kumaso kuti zifanane ndi khungu lathu, mpaka mu 2018 pamene kampani ya Freed of London ndi gulu la Ballet Black anatulutsa zofiirira. Zimadula, komabe zilipo.

Lamulo langa ndi limodzi, ndipo limandidanitsa ndi makolo: mwana saima pa nsonga asanakwanitse zaka 12, kaya akhale waluso chotani, ndipo akakwanitsa ndimayamba ndamuyesa mphamvu ya akakolo. Mayi wina anandikalipira kuti ndikumuchedwetsera mwana wake wamkazi dala, n'kupita naye kwina. Ndinamuonetsa chipsera cha pabondo langa, koma sanamve. Mng'ono wa mtsikanayo akadali m'kalasi mwanga, ndipo naye adikira mpaka 12.