Chipale cha M'mawa, Chipale cha Masana

Omasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1922, atafika pa liwu lonena za chipale chimene chimagwa m'maiko ozizira, adasankha kunena kuti matalala. Sadasokere kwenikweni, pakuti matalala ndiwo madzi oundana okhawo amene Mchewa amawaona akugwa kuchokera kumwamba. Lero ena timati chipale chofewa, ena sinowo, koma mayina onsewa amatenga chinthuchi ngati chimodzi, choyera ndi chosasintha. Miyendo yanga idandiphunzitsa zina m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene ndinkachita kafukufuku wa zilankhulo mumzinda wa Tromsø, kumpoto kwa dziko la Norway.

Nyengo yachisanu ikamatha, anthu akumeneko amasiya malo otsetserekera okonzedwa kale, amene ali ndi makina okweza anthu, n'kulowera kumapiri opanda njira. Kunsi kwa ma ski awo amamatako zikopa, zomwe kale zinkachokera ku nyama za m'nyanja zozizira koma lero amazipanga ndi ubweya wa mbuzi za angora ndi nailoni. Ubweyawo umagona molozera kumbuyo, motero ski imayenda kutsogolo koma imakana kubwerera. Pokwera, chidendene chimakhala chomasuka. Akafika pamwamba amamatula zikopazo, kumanga chidendene, n'kutsika m'mphindi zowerengeka phiri lomwe adalikwera maola atatu kapena anayi.

Ulendo wotere umalamulidwa ndi dzuwa. Kumwamba kukakhala kopanda mitambo usiku, chipale chomwe chidasungunuka masana chimaundananso n'kupanga chikhakha cholimba chimene Anorway amati skare. Dzuwa likakwera, pamwamba pake pamafewa pang'ono chabe pomwe pansi pakadali polimba, ndipo iyi ndiyo nthawi imene otsetsereka amaifunafuna. Mbali ya phiri yoyang'ana kum'mawa ndiyo imayamba kufewa, kenaka ya kummwera, pomaliza ya kumadzulo. Koma madzi akalowerera mpaka pansi, timibulu ta chipale timalekana, ndipo chikuto chonse chikhoza kugumuka ngati khoma la zidina zosawotcha m'nyengo ya dzinja. Usiku ukakhala wa mitambo ndi wofunda, chipale sichiundana, ndipo anthu odziwa phiri amangokhala pakhomo.

Zigumukire zambiri zimayambira pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi malo okoma kutsetserekapo. Kuyambira mu 2013, boma la Norway limalengeza kukula kwa chiopsezochi kudzera pa Varsom, pa mlingo wa 1 mpaka 5. Aliyense amanyamula fosholo, ndodo yaitali yofufuzira, ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro kuti anzake amupeze akakwiririka. Kafukufuku wa ku Switzerland adasonyeza kuti mwa anthu khumi ofukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala moyo, koma ikadutsa theka la ola ambiri amakhala atabanika. Pa 19 Malichi 2012 anthu asanu, alendo ochokera ku Switzerland ndi France, adafera m'chigumukire paphiri la Sorbmegáisá, kutsidya kwa mapiri a Lyngen. Wokupulumutsa ndi amene wayenda nawe, chifukwa ndege yopulumutsa anthu kawirikawiri imafika nthawiyo itatha.

Ine ndinkatsogoleredwa ndi mphunzitsi mnzanga, mayi wa mtundu wa Asámi, amene adayamba wandiyeseza milungu ingapo pazitunda zazing'ono. Tsiku lina tidanyamuka m'bandakucha kukakwera limodzi la mapiri a pachilumba cha Kvaløya. Nsonga itayandikira ndithu, mayiyo adaima, nazika ndodo yake, ndipo idalowa yonse popanda choiletsa. Adatapa chipale n'kuchifinya m'dzanja, madzi n'kudontha.

"Apa ndiye pomwe tabwererapo, akulu," adatero.

Gulu lina lidatipitirira, ndipo madzulo tidaliona litatsika bwinobwino. Mtima wanga udawawa ndithu. Mnzangayo adangonena kuti phiri likakulekerera lero silidakuuze kuti udachita bwino. Pambuyo pake adandiuza dzina la chipale chomwe adachifinya chija m'chilankhulo cha makolo ake: sievla, chipale chonyowa mpaka pansi, chimene munthu amatitimiramo.

Ife a sayansi ya zilankhulo timachita manyazi ndi nkhani ya mayina a chipale. Laura Martin mu 1986, ndi Geoffrey Pullum mu 1989, adaonetsa momwe mawu owerengeka amene Franz Boas adatchula mu 1911 okhudza Ainuit adafufumitsidwira ndi olemba otsatira mpaka kufika mazana. Adanena zoona, ndipo ophunzira anga ndimawawerengetsa zimenezi. Komabe Ole Henrik Magga, katswiri wa Chisámi, adalemba mu 2006 za mawu a anthu ake, ndipo chondigwira mtima m'menemo ndi ntchito imene liwu lililonse limagwira. Cuoŋu ndi chikhakha cholimba chotha kusenza munthu ndi chiweto. Moarri ndi chikhakha chophwanyika chimene chimacheka miyendo ya nyama zonga mphalapala zimene Asámi amaweta. Seaŋáš ndi timibulu tokhuthuka ngati shuga tomwe timapangika pansi penipeni. Mbusa amakondwera nato chifukwa ziweto zimafukula mosavuta ndere zomwe zimadya, pomwe wotsetsereka amatiopa chifukwa ndi pamene chikuto chimaterereka. Liwu lililonse limauza munthu chochita: pita, dikira, bwerera.

Ifenso tili nawo mawu otere. Mlimi akamva kuti mvula yagwayi ndi chizimalupsa, sathamangira kubzala. Mvumbi, mawawa ndi chiperoni zimasiyana pa zimene zimalola munthu kuchita tsikulo. Liwu loti napolo, lomwe anthu a ku Zomba ndi Mulanje amalidziwa bwino, limasunga chenjezo loti phiri lokhuta madzi limatsika. Lidatsika ku Phalombe mu 1991, lidatsikanso ku Soche mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe Freddy, n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe.

Chodetsa nkhawa n'chakuti nyengo imene mawuwa adabadwiramo ikusintha. Kafukufuku wa mu 2022 adapeza kuti kuyambira 1979 dera la Arctic lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Mvula imagwa pakati pa nyengo yachisanu n'kuundana, kutsekera ziweto chakudya ndi kusiya m'chipale magawo oterera. Mbusa, wotsetsereka ndi mlimi wa kwathu onse akukakamizika kuyesanso ngati liwu la agogo likugwirizanabe ndi zomwe dzanja likumva.

N'chifukwa chake ndikupempha anzanga olemba mitanthauziramawu ya zilankhulo zathu kuti tisamakhutire ndi kulemba kuti chizimalupsa ndi mtundu wa mvula. Tilembenso mwezi umene imagwa, zizindikiro zake, chimene mlimi amachita ndi chimene amapewa, ndiponso ngati akuluakulu a kumudzi akuti zikuchitikabe monga kale. Amene angatiyankhe akukalamba, ndipo safunsa adadya phula.