Kalata kwa mphwanga: za makoma ogumula ndi mizere yake

Mphwanga,

Uthenga wako wandipeza ndili bwino, kupatula bondo lija limene limavuta kukazizira. Chithunzi cha chikwangwani cha ofesi yako ndachionetsa kwa aliyense wofika pakhomo pano, ngakhale wogulitsa makala. Ndanyadira kwambiri. Koma nditamva kuti ntchito yako yoyamba ndi yokonzanso nyumba yakale ku Zomba, tulo tinandivuta. Pa nyumba yatsopano, ukalakwitsa mzere mmisiri amafunsa asanayale njerwa. Pa nyumba yakale, nyundo ikagwa pa khoma lolakwika ndiye kuti zatha.

Wafunsa chifukwa chake mizere ina imasowa ukasintha Renovation Filter mu Archicad, ndiponso kuti anayambitsa zimenezi ndani. Ndiyambe ndi kumene ndinaziona ndi maso anga.

Ife tinkajambula pa tebulo, pa pepala loonekera, ndi zolembera za Rotring: 0.25 ya mizere yopyapyala, 0.5 ndi 0.7 ya makoma. Ntchito ngati yakoyi inkafuna mapulani atatu: nyumba mmene ilili, zoti zigumulidwe, ndi mmene idzakhalire. Mwini nyumba akasintha maganizo pa khoma limodzi, unkatenga lezala n'kupala inki pa mapepala onse atatu, mosamala kuti usaboole. Tikasindikiza pa makina aja onunkha amoniya, tinkakhala pansi ndi makrayoni ngati ana a sukulu: chofiira pa khoma latsopano, chachikasu pa logumula. Mwambo umenewu ndi wakale, ndipo ku Germany anachita kuulemba m'malamulo a mapulani: zomwe zilipo kale zotuwa, zogumula zachikasu, zatsopano zofiira. Mitundu imene ukuiona pa kompyuta yakoyo inachokera ku makrayoni amenewo.

Pulogalamu yakoyo kwawo ndi ku Budapest, ku Hungary. Kampani yoipanga, Graphisoft, inayamba mu 1982, woyambitsa wake Gábor Bojár, dzikolo likadali pansi pa chikomyunizimu, nthawi imene maiko a azungu a kumadzulo ankaletsa kugulitsa makompyuta amphamvu kumeneko. Pofika 1984 anali atatulutsa pulogalamu yoyamba ya pa makina a Apple, ndipo ubale umenewo unakhalitsa, moti mu 2011 anaimika chiboliboli cha Steve Jobs wa Apple pabwalo la maofesi awo. Nzeru yawo inali yoti usajambule mizere yokha, koma umange nyumba yonse m'kompyuta, mapulani azituluka m'nyumbayo. Mu 2007 kampaniyo inagulidwa ndi Nemetschek ya ku Germany.

Ine zimenezo zinandidutsa. Ndinaphunzira AutoCAD, nayonso ya 1982, a Muluzi atangolowa kumene m'boma, ndili kale ndi imvi ziwiri zitatu. Pamenepo tinkasiyanitsa makoma ndi ma layer: ina ya akale, ina ya ogumula, ina ya atsopano, n'kumazimitsa ndi kuyatsa. Ukaiwala imodzi, khoma logumula linkatulukira pa pulani yatsopano ngati mzukwa. A Archicad nawonso anavutika choncho zaka zambiri, mpaka Archicad 15 ya mu 2011 imene inabweretsa chida cha Renovation. Kuyambira pamenepo chinthu chilichonse chimanyamula chizindikiro chake: Existing, To be Demolished, kapena New. Fyuluta ndiyo imalamula kuti gulu lililonse lioneke, libisike, kapena lisinthidwe maonekedwe. Mu 2016, pa Archicad 20, anawonjezera Graphic Overrides, ndipo mtundu ndi kalembedwe ka mizere ya magulu atatuwo umakakonzera kumeneko. Anzako a pulogalamu ya Revit ali ndi zawo zotchedwa Phases, koma maganizo ake ndi omwewo.

Usanaseke zakale zathu, kumbuka nyumba ya amalume ku Chilomoni. Unali wamng'ono, mwina unali usanayambe ndi sukulu yomwe. Ndinawajambulira ulere, usiku, nditaweruka kuntchito. Ankafuna kukulitsa khitchini pochotsa kakhoma ka stolo. Ndinapaka chikasu bwinobwino. Msuweni wathu wina, poumira ndalama ya basi yobwera kudzatenga pepala lina, anakachita fotokope, yakuda ndi yoyera. Chikasu chinasowa. Makoma onse anafanana. Mmisiri anafunsa amalume, iwo analoza ndi ndodo ali pakhonde, ndipo anagumula khoma limene linanyamula mitengo ya denga. Malata anapindika ngati nsana wa nkhalamba. Mlandu unagwera ndani? Ine. Mpaka tsiku limene anatisiya, amalume ankati mwana wa mlongo wawo anaphunzira kuti awagwetsere nyumba, ndipo azakhali amaibweretsabe nkhaniyi pa maliro aliwonse.

Msuweni yemweyo, ndikuuze, wayamba kukufunsa. Akuti akufuna kumanga mashopu atatu kutsogolo kwa nyumba ya mkazi wake wachiwiri, amene abale a mkazi woyamba sanamulandirebe, ndipo nkhani ya malowo ili kwa amfumu. Anabwera Lamlungu atavala suti, kudya nsima mitanda inayi, n'kuchoka ndi nkhuku ati akabweza. Akakupeza, muuze mtengo asanakhale pansi. Pulani ya ulere ndi imene inandiika ine m'mavuto, chifukwa chinthu chosalipira munthu sachisamala.

Tibwerere ku mizere yako yosowayo. Anthu amaiwala kuti si makoma okha amene ali ndi chizindikiro. Mzere wamba, mawu, miyezo, zonse zimatenga chizindikiro chimene chinali chosankhidwa pa kabokosi ka Renovation nthawi imene unkajambula. Ngati panali New, ndiye ukatsegula pulani ya mmene nyumba ilili, zonsezo zibisala, ndipo sizinafufutike ayi. Choncho yang'ana kabokosiko usanagwire mbewa, monga woyendetsa galimoto ayang'ana giya. Mawu ofunika pa pulani imodzi yokha, monga akuti khoma ili ligumulidwe mosamala, pali batani lowakhomera pa fyuluta imene uli nayo basi. Ndipo fyuluta imasungidwa pamodzi ndi View. Ukasintha pa sikirini osasunga, pepala lituluka ndi zakale.

Chachikulu ndi ichi: usadalire mtundu wokha. Pulani yako idzafika pamalo a ntchito itachitidwa fotokope kawiri, itapindidwa m'thumba la ovolosi, itagwera matope. Khoma logumula ulipatse mzere wodukizadukiza, latsopano likhale lodzaza ndi lokhuthala, lakale lopepuka, kuti ngakhale mitundu itafa mmisiri aziwerengabe. Pakona ya pepala ikapo kabokosi kofotokoza mzere uliwonse, ndipo usachite manyazi kulembapo Chichewa. Ukaboola chitseko chatsopano pa khoma lakale, chitseko chokha ndicho New, khoma likhalebe Existing, koma lintala uyijambule ndi kuilemba, chifukwa kompyuta sidzakukumbutsa.

Nyumba za ku Zomba zija zina zinamangidwa mzindawo ukadali likulu, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo zambiri zapitamo manja ambiri. Pulani yakale imene mwini wake angakupatse usaikhulupirire. Pita ndi tepi, yeza wekha, kwera m'denga uone kumene mitengo yagona, gogoda pulasitala umve. Khoma lililonse loti ligwe ukalilembe ndi penti pakhoma penipenipo, mmisiri ali pomwepo akuona. Pamene ukukayika kuti lanyamula chiyani, itana injiniya, ngakhale zikuchepetsere phindu.

Pulani yogumulayo ukamaliza, isindikize yakuda ndi yoyera, uichite fotokope, unditumizire pa basi usanaipereke kwa amisiri. Maso anga atopa, ndiye ngati ine ndingathe kuloza khoma logumula popanda kukufunsa, mmisiri nayenso atha. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.