Dzenje analikwirira

Sabata yatha mdzukulu wanga anandipempha kuti ndimuperekeze ku Limbe kukasinthitsa oyilo wa galimoto yake. Nditatsika, maso anga anali pansi kufunafuna dzenje. Panalibe, simenti yokhayokha. Mnyamata wa ovolosi yoyera anatsegula boneti, n'kusolola dipisitiki, n'kulowetsa kapaipi kowonda m'bowo lomwelo. Makina anayamba kulira, oyilo n'kumakwera kukalowa m'chigubu chotseka. Palibe amene anagwada, palibenso amene anamuona oyilo uja. Mtima wanga unangoti zii.

Ine ntchitoyi ndinaiphunzira m'zaka za m'ma 1970, kunsi kwa ma Peugeot 404, ma Land Rover ndi malole a Bedford. Amene anandiphunzitsa anagona kalekale, koma mawu awo ndimawamvabe. Injini tinkayamba tailiza kuti oyilo afunde, chifukwa wozizira amatsika mwaulesi n'kusiya zinyalala m'sampu. Ukatero umatsikira m'dzenje ndi sipanala ndi beseni. Bawuti ya pansi umaimasula pang'ono ndi sipanala, kwinako n'kumalizitsa ndi zala, ukuikankhira m'mwamba mpaka mzinga womaliza, kenako n'kuthawitsa dzanja msanga. Ukachedwa, oyilo wotentha ankatsetsereka mpaka m'khwapa. Tonse tinapsapo.

Ndiye pamenepo sukulu inkayamba. Abwana amene anandiphunzitsa aja ankaviika zala ziwiri m'beseni n'kutikita, n'kununkhiza, n'kundiuza kuti nanenso nditero. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa, gasiketi ya hedi yapita. Akamanunkha petulo ndiponso ali wamadzimadzi, vuto lili ku kabuleta kapena ku maring'i. Beseni tinkalitulutsa padzuwa n'kulipendeketsa: tikaona tinthu tonyezimira ngati mchenga wa kunyanja, tinkadziwa kuti zitsulo zayamba kudyana m'kati. Mabawuti ena anali ndi maginito kunsonga, ndipo utuchi wa chitsulo unkamatirira pamenepo ngati ndevu. Eni galimoto tinkawaitana kuti adzaone okha. Injini zambiri zinapulumuka chifukwa cha beseni limenelo. Uli komweko m'dzenje unkaonanso paipi ya mabuleki yomwe yayamba kudontha, kapena labala yong'ambika. Sunkachita kuzifunafuna, zinkangokumana nawe.

Sindinganame, makinawa ntchito amaigwira. Kapaipi kakafika pansi penipeni pa sampu, oyilo amatuluka pafupifupi yense. Ma Mercedes-Benz ambiri fyuluta yake ili pamwamba, moti ntchito yonse imatha munthu ali chiimire, ndipo injini za maboti ambiri amazipopa chonchi chifukwa kunsi kulibe polowera. Ubwino wina ndi wakuti bawuti ya pansi simasulidwa, pomwe masampu ambiri a lero ndi a aluminiyamu. Wina akamanga bawuti mopyoza, mazinga amatha, sampu n'kuyamba kudontha. Ndinaonapo anthu akulira ndi zimenezi, makamaka akaumira kugula kamphete katsopano ka mkuwa kamene kamatseka pabawutipo. Msana wanga womwewu, ndikadapeza makina otere, bwenzi lero ndikuyenda chowongoka.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mnyamata uja palibe amene adzamuuze kuti nunkhiza. Si waulesi ayi, ndinamuona ali ndi manja abwino. Koma oyilo amachoka m'mdima n'kulowa m'mdima, nkhani yonse ya injini n'kupita osawerengedwa. Galimoto zina za BMW ngakhale dipisitikiyo zilibe, mlingo wa oyilo umaoneka pa dashibodi. Anzanga amene tinkatsika nawo m'dzenje, tikumasamba m'manja ndi palafini ndi mchenga dzuwa likamalowa, atsala awiri, ndipo mmodzi saonanso. Galaja yomwe tinkagwiramo ntchito ndinadutsako chaka chatha: dzenje analikwirira, pamwamba pake akugulitsapo matayala.

Mnyamata wa ku Limbe uja atamaliza, ndinamupempha kuti, “Mwanawe, tandigwiritsako kapaipiko.” Anadabwa, koma anandipatsa ndi manja awiri. Ndinapukuta kunsonga kwake ndi chala, n'kutikita monga ankachitira abwana. Sindinamve kanthu. Ndinatikitabe mpaka mdzukulu wanga anandigwira paphewa n'kunena kuti, “Agogo, tiyeni tizipita.”